Mfundo Imene a Haruna Sanaiwale

Mukafika padoko lathu kumunsi kwa phiri la Senga n'kufunsa munthu wodziwa chingwe, palibe amene angakulozereni kwina. Adzakuuzani kuti pitani kwa Che Haruna, nyumba ya mpanda wa bango kuseri kwa mzikiti. Mukamawapatsa moni muyang'ane dzanja lawo lamanja. Chala cha mkombaphala ndi chapakati zinapindika ngati mbedza ndipo sizitambasuka. Zala zimenezo zinapita chifukwa cha ine Mayankho, wakabaza uja amakangana ndi makondakitala pasiteji. Anandipulumutsa ku imfa, ndipo ine powathokoza ndinawanamiza zaka zitatu, n'kuwasiya akukhulupirira kuti mutu wawo wayamba kutha. Ndayamba ndi zimenezi kuti musadzati ndinabisa.

A Haruna anabadwira pomwepa, m'banja la asodzi. Sukulu anailekera Sitandade 4, osati kuti mutu unali wouma, koma bambo awo ankafuna munthu wokapa madzi m'bwato. Atakula anakalowa ntchito pa sitima yonyamula katundu ku Chipoka, ndipo zaka khumi ndi ziwiri anakhala akuponya ndi kumanga zingwe zonenepa ngati mkono wangawu. Sitimayo itasiya kuyenda anabwerera kumudzi ndi mkazi wawo, mayi Nafisa, sutikesi imodzi, ndi manja okhakhala oti ukawagwira umachita kumva kuwawa.

Kuyambira pamenepo ntchito iliyonse ya chingwe inali yawo. Ng'ombe yagwera m'chitsime, kaitaneni a Haruna. Thanki ikufunika kukwera pansanja, a Haruna. Mtengo wapendekera padenga la munthu, a Haruna. Sanali munthu wolankhulalankhula. Amafika, kuyang'ana, kukoka chingwe kawiri, n'kunena kuti, "Bismillah, tiyeni." Ndipo dzuwa la Okutobala likayamba kuswa mtengo ankakwera phiri kukafula njuchi za m'mapanga, zija zimamanga zisa pakati pa thanthwe pamene ngakhale nyani amayamba waganiza.

Ine anandipeza pasiteji ndikutukwanizana ndi munthu. Mawondo awo anali atayamba kudandaula, ndiye ankafuna wina wotsika pachingwe iwo atatsala pamwamba. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Iwe thupi lako ndi la usipa, chingwe sichingakumve n'komwe. Koma pakamwapo uzisiya kunyumba." Ndinapsa mtima, koma m'mawa mwake ndinali pakhomo pawo. Tinagwira limodzi zaka zisanu ndi chimodzi, iwo wa kumzikiti, ine wa kutchalitchi, uchi tikugawana pakati.

Kamangidwe kawo kanali kotere. Kumunsi kwa chingwe kunali kathabwa kokhalapo ine. Pamwamba pa thanthwe ankafuna mitengo iwiri, osati umodzi. Pamtengo uliwonse ankamanga mfundo imene asodzi amamangira bwato pachikhomo: kuzunguliza kawiri, mchira n'kuupisa pansi. Iwo ankaitchula kuti ya pachikhomo. Akatha, mchira wotsalawo ankaubweza n'kuumangirira pachingwe chachikulu ndi mfundo ina yolimba, imene ankaitchula kuti yakufa, chifukwa ikagwira siyendanso.

Ine ndinkakonda ya pachikhomo. Imamangika msanga, sidya chingwe, ndipo ukafuna kutalikitsa kapena kufupikitsa umangoifewetsa pang'ono n'kukoka, mitengo yonse iwiri n'kugawana kulemera bwinobwino. Ngakhale ikoke ng'ombe, pomasula simafuna mano. Yakufa ija inkandinyansa. Inkadya mikwamba iwiri yathunthu ya chingwe, ndipo ikakokedwa kwambiri tinkatha theka la ola tikuitokosa ndi msomali dzuwa likutiwotcha.

Tsiku lina ndinawauza. "Akulu, maboti onse padoko amagona pa mfundo ya pachikhomo usiku wonse, mwera ukuwomba. Ndi liti linathawapo? Yakufayi mukungotivutitsa nayo."

"Amathawa," anatero. "Iwe sudziwa chifukwa umakhala uli mtulo. Ya pachikhomo imagwira ikamakokedwa. Ukaikoka n'kuisiya, kuikoka n'kuisiya, imayamba kuyenda pang'onopang'ono, makamaka pamtengo wosalala ndi chingwe chanayiloni chotererachi. Boti likathawa timakalipeza ku Maganga. Iwe ukathawa tikakupeza kuti?"

Ndinaseka, koma mumtima ndinati nkhalamba zimakonda kuopseza.

Pathanthwe lina loyang'ana kunyanja panali chisa chachikulu, chakuda ndi kukhwima, chotalika kuposa chitseko. Chingwe chathu chinkandifikitsa pa tizisa ta pamwamba pake, chachikulucho n'kutsala pansi pa mapazi anga, mikwamba iwiri basi. Zaka ziwiri ndinkachiyang'ana malovu akudzaza m'kamwa. A Haruna ankangoti, "Chingwe chakana. Chimenecho ndi cha eni ake." Ine ndinkawerengera mikwamba imene yakufa ija inkadya, ndipo inkakwana ndendende.

Tsiku la tsokalo tinakwera kusanache kwenikweni, chifukwa njuchi zimafatsa kukamazizira. A Haruna anamanga pamkuyu wa m'mphepete mwa phompho, anamanga pa kamfula, kamtengo ka kumbuyo kwake, anamaliza ndi yakufa. Ndinaona ndi maso angawa. Kenako anatenga kabotolo kawo ka madzi n'kupita kuseri kwa mwala kukaswali swala ya m'mamawa. Abale, munthu akupemphera kwa Mulungu wake, ine ndinagwada pachingwe chake. Yakufa inali isanakokedwe, ndiye inamasuka mosavuta. Ndinafewetsa za pachikhomo zonse ziwiri, n'kutsitsira chingwe kuphompho mpaka pa kamfula panangotsala kamchira kotalika ngati chikhatho. Pamwamba pake ndinaponyapo thumba lathu la ziwiya.

Atabwera anafuna kuyenderanso chingwe monga mwa masiku onse. Ine ndinali nditayatsa kale muuni wa udzu. "Akulu, njuchi zikudzuka, muuni ukutha, mwamanga kale inu, tiyeni." Ndinawasokosera mpaka anangokoka chingwe kawiri chapamphepete n'kunena Bismillah wawo. Pazaka zonse zimene ndinagwira nawo, limeneli ndi tsiku lokhalo limene anamvera pakamwa panga.

Ndinatsika, ndipo kathabwa kanandifikitsa pamaso penipeni pa chisa chija. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Ndinafukiza utsi, ndinadula lesa loyamba, uchi ukuyenderera mpaka m'zigongono. Koma njuchi za chisa chakale si zamasewera. Zinandilowa m'malaya, ine n'kumaponda kamwala kotulukira, kudumpha, kukhalanso pathabwa, kupondanso. Kukoka n'kusiya, kukoka n'kusiya, monga ananenera muja. Kenako ndinamva thabwa likutsika lokha, pang'ono, ngati munthu akundikhazika pansi mwaulemu. Linatsikanso. Ndinayang'ana pansi, n'kuona nsonga za mitengo zili kutali kwambiri.

Zimene zinkachitika pamwamba ndinazimva pambuyo pake. A Haruna anali chogona pamphepete akunditsitsira ndowa ndi kachingwe kena. Anamva thumba lija likukhwekhwereka, potembenuka n'kuona kamfula kali kopanda kanthu, mchira wa chingwe ukukwawa m'fumbi kulowera kumkuyu. Anaudumphira, n'kuukulunga kudzanja lamanja. Chingwe chinawakoka mpaka dzanjalo linakapanikizika pamtengo, zala ziwiri zitalowa mu mfundo ya pachikhomo ija. Dzanja lawo ndilo linakhala mfundo yakufa. Thabwa linaima.

Ndinangomva mawu kuchokera kumwamba, osakuwa n'komwe: "Mayankho, siya ndowa. Kwera tsopano. Usadumphe." Ndinakwera ndi manja oterera uchi, njuchi zili mumutu, ndipo kukoka kwanga kulikonse kunkaphwanya zala za munthu ine osadziwa. Nditafika pamwamba ndinawapeza atakumbatira mkuyu, nkhope ili mbuu, magazi akutsika pakhungwa. Ndinawamasula, n'kuwabereka mpaka kumsewu, n'kuwakweza galimoto ya nsomba kupita kuchipatala kuboma.

Ali pabedi, dzanja lili m'mabandeji, anandiitana pafupi. Ndinati basi, chinsinsi chaululika. Koma iwo anati, "Mphwanga, undikhululukire. Ndinaiwala yakufa. Zaka makumi anayi sindinaiwalepo, koma tsiku limenelo ndinaiwala, ndipo ukanafa ndi iwe." Misozi inali m'maso mwawo.

Pamenepo mpamene ndinayenera kulankhula. Ine amene ndimatha kukangana ndi kondakitala kuchokera ku Senga mpaka ku Kamuzu Road, pakamwa panauma gwa. Ndinaopa mayi Nafisa amene anali atakhala pomwepo, ndinaopa ana awo, ndinaopa zimene anthu a padoko adzanene. Ndinangoti, "Musadandaule akulu, zimachitika." Ndinawakhululukira tchimo langa lomwe. Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo ndimafuna kudzimenya mbama.

Zala zinapola mopindika. Zimenezo sizikanawaletsa ntchito, chifukwa munthu uja amamanga mfundo ndi dzanja lamanzere ndi mano kuposa mmene ine ndimamangira ndi manja awiri. Chinawaletsa ndi mutu. Chingwe chija anachipereka kwa asodzi. Anthu akabwera kuti mbuzi yagwera m'dzenje, ankawabweza: "Pitani kwa wina, ine ndinayamba kuiwala." Ankangokhala pansi pa mtengo wa mango akusoka maukonde a anthu. Ine ndinkawatengera chinangwa, nthawi zina kuwanyamula pakabaza ulere kupita ku Juma, mapemphero awo a Lachisanu, ndipo anthu ankanditama kuti Mayankho ndi munthu wokumbukira. Kutama kumeneko kunkandiwotcha kuposa mbola za njuchi zija.

Chaka chachitatu kunayamba kubwera anyamata ndi atsikana a ku Lilongwe Loweruka lililonse, kudzakwera matanthwe a phiri lathu. Osati kufuna uchi ayi, kungokwera basi, afike pamwamba, atsike, akwerenso. Poyamba ndinkati anthuwa akhuta. Anali ndi zipewa zolimba, zingwe zamawangamawanga, malamba a m'chiuno ndi tizitsulo tokowera. Wowatsogolera anali mayi wina dzina lake Chisoni, mphunzitsi wa kusekondale, wamfupi koma wosalola zopusa. Ine ndinkawanyamulira zikwama panjinga mpaka pamene njira imathera.

Tsiku lina ndinawapeza pamwamba akukangana, ndipo ndinaseka ndekha, chifukwa unali mkangano wathu womwe uja. Ena ankati pomangirira zingwe zawo kumitengo ndi kumiyala azigwiritsa mfundo zokoloweka zokhazokha ngati ya pachikhomo ija, poti n'zachangu, sizidya chingwe, zimasinthika, ndipo sizivuta kumasula munthu akalenjekekapo tsiku lonse. Ena ankati ayi, mbali imodzi ikaduka kapena ikafewa, inayo imatha kusololoka, ndiponso munthu wotopa sangaione msanga ngati yamangidwa molakwika. Pakamwa pangapa sipanathe kudikira. Ndinati, "Kumudzi kuno kuli munthu amene anaithetsa kale nkhani imeneyi inu musanabadwe."

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa likadalipo, ndinawatengera a Chisoni kwa a Haruna. A Chisoni anayala zingwe zawo pamkeka. A Haruna anazigwiragwira, kuzipinda, kuzinunkhiza, ndipo ndinaona nkhope yawo ikuwala koyamba pazaka zitatu. Anamanga ya pachikhomo pamwendo wa mpando ndi dzanja limodzi, n'kuigwedeza kukoka ndi kusiya mpaka inayamba kuyenda. "Mwaona, mayi? Iyi ndi yabwino pogawa katundu, musaitaye. Koma isamagone yokha. Kumbuyo kwake kuzikhala ina yosayenda, ndipo wina amene sanamange aziyendera ndi maso ndi manja munthu asanatsike."

A Chisoni anawomba m'manja pang'ono. Anati akufuna munthu wa konkuno woti azikhala pamwamba Loweruka lililonse, kuyendera zingwe ndi kuphunzitsa achinyamata a m'mudzi amene ayamba kuchita chidwi. "Bambo, munthu wake ndi inu."

A Haruna anabweza chingwe chija pamkeka mofatsa. "Pepani mayi. Ana a eni ake musawaike m'manja mwanga. Ine mutu unabooka. Ndinaiwalapo mfundo munthu ali pachingwe, ndi uyu wakhala apayu, mufunseni." A Chisoni anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana nyerere pansi.

Nditawaperekeza mlendoyo sindinapite kunyumba. Ndinaima panjira ndi njinga yanga. Mlandu suola. Ndinabwerera, ndinatsamiritsa njinga kumpanda, ndinakhala pansi penipeni, osati pampando.

"Akulu, simunaiwale. Munamanga. Ndinamasula ndine, inu mukuswali, kuti ndifike pachisa chachikulu chija. Thumba lija ndinaikapo dala."

Singano ya ukonde inaima m'manja mwawo. Nkhuku inadutsa pakati pathu, inabwereranso. Ndinkadikira kuti andigende ndi chilichonse, ndipo ndikanalandira.

"Unaiona ndi maso ako?" anafunsa.

"Ndinaiona."

"Ndinamanga bwanji?"

"Monga mwa masiku onse. Pamkuyu, pa kamfula, kenako yakufa, mchira munaubweza kawiri."

"Kawiri."

"Kawiri, akulu."

Anatembenukira kukhitchini n'kuitana. "Nafisa, tabwera udzamve. Ndinamanga. Tsiku lija ndinamanga." Mayi aja anatuluka ndi chipande m'manja, ndipo a Haruna anandiuza kuti ndibwereze zonse pamaso pawo. Ndinabwereza. Bambo aja anaphimba nkhope ndi dzanja lopindika lija n'kunena Alhamdulillah katatu.

Amene anandilalatira ndi mayi Nafisa, ndipo anali ndi ufulu wonse. "Iwe ukudziwa chimene unachita? Zala si kanthu, anazipereka okha ndi mtima wawo. Koma bambowa zaka zitatu akutseka chitseko n'kubwerera katatu kukaona ngati atseka. Mdzukulu wawo anasiya kumukweza panjinga, akuti ndingamuiwale kumsika. Mankhwala a mutu tinakafuna mpaka ku Khombedza. Ndipo iwe ukubwera pano ndi chinangwa chako, tikukuthokoza." A Haruna anangoti, "Pita kwanu, Mayankho. Usabwere mpaka nditakuitana."

Inatha miyezi iwiri. Tikakumana panjira ankayang'ana kunyanja. Ine ndinaonda, ndipo makondakitala anayamba kufunsana ngati ndikudwala, poti ndinasiya kuwayankha. Koma ndinkamva kwa anthu kuti Che Haruna atulutsa mwana wa ng'ombe m'chitsime cha kusukulu, kuti Che Haruna awaona akukwera phiri ndi anthu a zipewa aja, kuti adutsa ndi mdzukulu pakaliyala. Nkhani iliyonse yotere inkanditsitsa mtima pansi, ngakhale ine ndinali kunja.

Lachisanu lina atatuluka ku Juma anaima pasiteji pamaso pa anzanga onse. "Iwe wa usipa. Mawa mamawa. Zikwama n'zambiri ndipo zala zangazi zimachedwa." Anangonena zomwezo n'kumapita. Ndinalira pomwepo, anzanga akundiseka, ndipo sindinatukwane aliyense.

Lero ndi chaka chachiwiri tikugwiranso limodzi. Loweruka timakhala pamwamba ndi gulu la a Chisoni, Okutobala timakafula njuchi, ndipo chisa chachikulu chija chikadali cha eni ake. Womanga tsopano ndine: za pachikhomo ziwiri, yakufa kumbuyo. Iwo amayendera mfundo iliyonse ndi zala zopindika zija, ndipo ngakhale muuni uthe, ngakhale alendo adandaule kuti dzuwa lakwera, palibe amene amatsika asanamalize. Achinyamata akafunsa chimene chinachitikira dzanja lawo, amaloza ine n'kunena kuti, "Afotokoze mwini wake." Ndipo ndimafotokoza zonse, ndi thumba lomwe.

Ndili ndi ana atatu amene akanakula opanda bambo. Wamng'ono anabadwa ngozi ija itachitika kale, ndiye nayenso ndi wa dzanja lomwe lija. Sindidziwa kuti munthu amathokoza bwanji zinthu zotere, ndiye ndimangofika mamawa n'kunyamula zikwama.

Anandikhululukira, anandiuza okha tsiku lina tikutsika phiri. Koma nthawi ya swala ikakwana sapitanso kuseri kwa mwala. Amayala kamkeka kawo patsinde pa mkuyu pomwepo, mchira wa chingwe n'kuupanikiza pansi pa mkekawo, ndipo ine amandiuza kuti ndikakhale uko, pamwala wa patali. Ndimapita n'kukakhala, ndipo sindinatsutsepo.